Namwali wa ku yunivesite akulowa m'tauni wopanda phungu

Aliyense amene amagwira ntchito m'maofesi a ku City Centre kapena ku Capital Hill mu Lilongwe muno amawadziwa achinyamata amene ndikufuna kuwanena. Amafika m'mamawa atavala malaya ositidwa bwino ndi nsapato zimene zachita fumbi panjira yochokera pa siteji ya minibasi, envelopu ya khaki ili m'manja, ndipo amaima pageti n'kupempha mlonda kuti awalole kukasiya kalata yofunsira ntchito. Ambiri a iwo ali ndi digiri kapena dipuloma. Ena anaphunzira ku Bunda, ena ku Zomba, ena ku Mzuzu, ena m'sukulu zaukachenjede za mipingo ndi za anthu wamba zimene zachuluka mumzinda uno. Ine ndakhala ndikulandira makalata oterewa kwa zaka zingapo, ndipo chimene chimandiwawa ndikamawawerenga si kuchepa kwa nzeru za olembawo ayi. Mwana wakhoza bwino mayeso ake, koma kalata yake ikuonetseratu kuti palibe munthu wamkulu amene anaiwerengako isanaperekedwe: dzina la ofesi lalakwika, ntchito imene akufunsira sinatchulidwe, ndipo zimene mwanayo amazidziwadi, monga kafukufuku amene anachita m'chaka chake chomaliza, zabisala kumapeto kwa tsamba lachitatu kumene wolemba anthu ntchito safikako.

Maganizo anga ndi akuti ana amenewa tikuwalakwira, ndipo tikuwalakwira pa chinthu chimene makolo athu anachidziwa kalekale. Kumudzi munthu sawoloka yekha kuchoka pa msinkhu wina kupita pa wina. Namwali akamalowa m'chinamwali amakhala ndi anamkungwi amene amalangiza gulu lonse, koma amakhalanso ndi phungu wake, munthu mmodzi wodziwika ndi dzina, amene amakhala naye pafupi, kumubwerezera zimene sanamvetse ndi kumuongolera pa zimene ayenera kuchita pamaso pa anthu. Mnyamata ndi mtsikana akamalowa m'banja timawapatsa ankhoswe, ndipo ankhoswe ntchito yawo sithera pa tsiku la ukwati, chifukwa nkhani ikavuta pakati pa usiku ndi pakhomo pawo pamene pamagogodedwa. Ngakhale mfumu ikalongedwa ufumu imalangidwa ndi akuluakulu, ndipo imakhala ndi nduna zoiunikira. Koma mwana akavala gawuni n'kulandira digiri, timamuimbira nthungululu, timajambulitsa naye zithunzi, timadya mpunga ndi nkhuku, kenako m'mawa mwake timamusiya yekha pa depoti kuti akadzionere. Kuwoloka kochoka m'kalasi kupita kuntchito ndi kokhako kumene tasiya kopanda woperekeza, chonsecho ndi kumene kumaumba zaka makumi atatu kapena anayi za moyo wa munthu.

Mawu akuti phungu masiku ano timawamva kwambiri pa wailesi ponena za anthu amene timawasankha kupita ku Nyumba ya Malamulo, ndipo akuti uphungu timawamva kuchipatala munthu akamakayezetsa magazi, koma ine ndikuwagwiritsa ntchito m'tanthauzo lawo lakale lija. Aphunzitsi a ku yunivesite ndi anamkungwi, ndipo ntchito yawo amaigwira movutikira, nthawi zina m'holo yodzaza ophunzira mazana angapo mmene ngakhale kudziwa mayina okha n'kosatheka. Mphunzitsi wotereyu angathe kuphunzitsa kawerengedwe ka ndalama za kampani, kamangidwe ka milatho kapena matenda a ng'ombe, koma sangathe kukhala pansi ndi mwana aliyense n'kumufunsa kuti, "Kodi ukamaliza kuno ukufuna kulowera kuti, ndipo chikukuopsa n'chiyani?" Funso limenelo ndi la phungu, munthu amene anadutsa kale m'njira imene mwanayo akulowamo, amene akugwirabe ntchitoyo kapena waisiya posachedwa, ndipo wavomera kukumana naye mobwerezabwereza kwa chaka chimodzi kapena ziwiri.

Kale kusowa kwa phungu sikunkaoneka kwambiri chifukwa ophunzira anali ochepa. University of Malawi itayamba kuphunzitsa mu 1965 inali ndi ophunzira 90 okha, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake womaliza maphunziro ankapeza ntchito ikumudikira m'boma kapena m'makampani a boma, kumene ankalowa pansi pa bwana woti akhala naye nthawi yaitali. Lero mayunivesite a boma alipo 6. Mzuzu University inabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Bunda inachoka mu University of Malawi n'kukhala LUANAR, MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Kuwonjezera apo, pulayimale yaulere imene inayamba mu 1994 inatsegulira khomo la sukulu ana a anthu amene eni akewo sanaphunzire, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu oposa 17.5 miliyoni a m'dziko muno, oposa theka anali asanakwanitse zaka 18. Ana amenewo ndi amene ayamba kufika pageti lero. Ichi n'chinthu chonyaditsa, ndipo wina asamve ngati ndikudandaula kuti ophunzira achuluka. Chodandaulitsa n'chakuti ambiri a iwo ndi oyamba m'banja mwawo kufika pamenepa, choncho kunyumba kulibe aliyense amene anakhalapo pampando wa intaviyu.

Komatu uphungu mu Lilongwe muno ulipo, ndipo ukuchitika tsiku ndi tsiku, kungoti umatsata magazi. Mwana amene bambo ake ndi mkulu ku unduna, kapena amene malume ake amagwira ntchito kubanki, amaphunzira pa chakudya chamadzulo zinthu zimene mnzake sadzaziwerenga m'buku lililonse. Amamva mmene anthu amalankhulira pamsonkhano, amadziwa kuti pempho la ndalama limadutsa m'manja mwa yani lisanavomerezedwe, amauzidwa kuti pa intaviyu asayambe ndi funso la malipiro, ndipo CV yake imawerengedwa ndi anthu atatu isanatuluke pakhomo. Mnzake amene anachokera ku sekondale yoyendera ya ku Nsaru kapena ku Nathenje, amene akugona kwa achibale ku Chinsapo kapena ku Mtandire pamene akusaka ntchito, ali ndi digiri yofanana, mwinanso yoposa, koma zonsezi amaziphunzira pokanidwa. Pofika nthawi imene wazindikira cholakwika chake papita zaka ziwiri kapena zitatu, mtima wafooka, ndipo ngongole ya boma imene anaphunzirira ikumudikira. Tikamanena kuti ntchito zimapita kwa ana a anthu odziwika, nthawi zambiri timaganiza za kukondera kokha, ndipo kukondera kulipodi. Koma ngakhale kukondera kutatha mawa lino, mwana wa mkulu uja angapambanebe mayeso ambiri a ntchito mwachilungamo, chifukwa iye anakonzekeretsedwa pamene mnzake sanakonzekeretsedwe. Pachinamwali phungu sakhala mayi kapena bambo ake a namwali, ndipo namwali aliyense amakhala ndi wake, kaya makolo ake ndi opeza bwino kaya ndi osauka. Nzeru imeneyi ndi imene tataya.

Ine ndinali mmodzi wa ana opanda phungu. Nditayamba ntchito yanga yoyamba ku Old Town, ndinalemba lipoti limene ndinkaganiza kuti ndi labwino kwambiri, lodzaza ndi mawu akuluakulu a Chingerezi amene ndinabwera nawo kukoleji. Abwana analibweza osanena chilichonse, ndipo ndinakhala masiku atatu ndikuganiza kuti ntchito yandithera. Amene anandipulumutsa anali mayi ena achikulire a mu ofesi yosunga mafayilo, amene udindo wawo papepala unali wotsika kuposa wanga. Anandiitana nthawi ya nkhomaliro n'kundiuza kuti, "Mwana wanga, abwana aja sawerenga kupitirira ndime yoyamba. Chimene ukufuna kuti achite uchiike pamwamba, zifukwa zibwere pambuyo." Ndinawafunsa kuti, "Nanga mayi, bwanji iwowo sanandiuze?" Iwo anati, "Akuganiza kuti ukudziwa, iwenso ukuopa kufunsa, ndiye nonse awiri mwangokhala chete." Kuyambira tsiku limenelo, kwa zaka ziwiri, ndinkapita kwa iwo ndi chilichonse chimene chinkandizunguza mutu, kuyambira kalembedwe ka kalata mpaka mmene ndingamukanire mnzanga amene ankafuna kuti ndisayinire alawansi ya ulendo umene sitinapite. Sanandipezere ntchito, sanandikweze pa udindo, ndipo sanandipatseko ngakhale tambala, koma ndikayang'ana mmene ndimagwirira ntchito lero, dzanja lawo ndimaliona paliponse. Chimene chimandisautsa n'chakuti ndinawapeza mwamwayi. Akanakhala kuti anapuma pantchito chaka chimodzi m'mbuyomo, palibe lamulo kapena dongosolo la pamalopo limene likanandipatsa wina.

Pali zinthu zina zimene timazisokoneza ndi uphungu. M'mahotela ndi m'maholo a mumzinda uno kawirikawiri mumachitika misonkhano yolimbikitsa achinyamata, pamene munthu amene zinthu zinamuyendera amaima kutsogolo ndi maikolofoni n'kufotokoza mmene anayambira ndi zochepa. Sindikunyoza misonkhano imeneyi, chifukwa mwana amene sanaonepo munthu wa kwawo atachita bwino amatulukamo ndi chiyembekezo, ndipo chiyembekezo n'chofunika. Koma Lolemba likafika wolankhula uja sadziwa dzina la mwanayo, sadzaona kalata yake, ndipo sadzamufunsa ngati anachita zimene analonjeza. Mabungwe amaikonda misonkhano yotereyi chifukwa imawerengeka mosavuta mu lipoti la kwa opereka thandizo, pamene maola amene munthu mmodzi wakhala pansi ndi mnzake sajambulika bwino pa chithunzi. Chinanso ndi kupezerana ntchito. Achinyamata ambiri akamati akufuna wowatsogolera amatanthauza munthu woti akawalankhulire kwa abwana, ndipo akuluakulu ambiri amawazemba achinyamata pa chifukwa chomwecho, podziwa kuti moni akangotha pempho la ntchito libwera, chonsecho iwo ntchito yoti apereke alibe. Tikapanda kulekanitsa uphungu ndi kupezerana ntchito, uphunguwo udzangokhala dzina laulemu la kukondera kumene tikudandaula nako.

Tsono pali funso lovuta limene sindikufuna kulizemba. Kodi munthu amene anayamba ntchito mu 1995 angamuuze chiyani mwana wa lero, pamene dziko limene iye anakuliramo lasintha chonchi? Kwa zaka zambiri malangizo a akuluakulu mu Lilongwe anali odziwika: lowa m'boma udzapeze penshoni, apo ayi lowa m'bungwe lomwe si la boma upeze malipiro abwino. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lopita kumayiko akunja, kenako bungwe la USAID linatsekedwa, ndipo mapulojekiti ambiri a zaumoyo ndi zamaphunziro m'dziko muno anaima, anthu odziwa ntchito n'kubwerera kunyumba. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti malipiro amene ankaoneka okwanira pamene mwana ankalowa chaka choyamba anali atafota pamene ankavala gawuni. Kumapeto kwa 2023 tinaona achinyamata athu akukwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Ndalama zimene tinkaziimira pamzere kubanki tsopano zimayenda pa Airtel Money ndi Mpamba, ntchito zimalengezedwa pa WhatsApp ndi LinkedIn, ndipo kuyambira pamene ChatGPT, pulogalamu imene imalemba yokha zimene waifunsa, inatuluka kumapeto kwa 2022, kalata yofunsira ntchito ingathe kulembedwa ndi foni m'kanthawi kochepa. Wamkulu amene sakuziona zonsezi, amene akumuuzabe mwana kuti angodikira tsiku limene boma lidzalembe anthu, ndipo akunyoza geni ngati ntchito ya osaphunzira, akumusocheretsa ngakhale ali ndi mtima wabwino. Timati mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma tivomereze kuti ena akagonera amasasa.

Chikhalirecho, ine ndikukhulupirira kuti kusintha kumeneku kwachititsa kuti phungu afunike kwambiri kuposa kale. Pambali pa makalata olakwika aja, miyezi ino kwabwera mtundu wina wa makalata, ofanana ngati ana a mayi mmodzi, Chingerezi chake chosalala koma mwini wake osaonekamo. Foni ingamulembere mwana CV yokongola, koma singamuchenjeze kuti luso limene yamuikira si lake ndipo adzagwidwa pa funso lachiwiri la intaviyu. Zimene wamkulu angapereke ndi zimene sizikalamba: kuzindikira munthu amene akukunamiza pa mgwirizano wa bizinesi, kudziwa nthawi yolankhula pamsonkhano ndi nthawi yodikira, kuvomera cholakwa usanagwidwe, kusunga lonjezo ngakhale kwa kasitomala wamng'ono. Palinso nkhani imene sindinaimvepo ikuphunzitsidwa m'kalasi, ya malipiro oyamba. Mwana woyamba kulembedwa ntchito m'banja amasanduka nkhokwe ya mudzi wonse, moti fizi ya azing'ono ake, feteleza wa makolo, matenda ndi maliro zonse zimagwera pa foni yake. Kuthandiza abale ndi chikhalidwe chathu chabwino ndipo sitiyenera kuchitaya, koma ndaona achinyamata abwino akulowa mu katapila, ena mpaka kugwira ndalama za ofesi, chifukwa palibe amene anawaphunzitsa kunena mwaulemu kuti, "Amayi, mwezi uno ndikwanitsa fizi yokha, feteleza tidikire mwezi wamawa." Pa nkhani yotere mwana angakhulupirire yekhayo amene anausenzapo mtolo umenewu.

Phungu wanzeru amapitanso kwa mwanayo ali wokonzeka kuphunzira. Mu 2020, pamene Covid-19 inasamutsira misonkhano pa Zoom, ambiri a ife tinaphunzitsidwa ndi ana amene tinkawatuma kukapanga fotokope, ndipo palibe ulemu umene unatichokera.

Tisaganize kuti mwana tikapanda kumupatsa phungu amakhala wopanda womuphunzitsa. Ofesi iliyonse imaphunzitsa, ifune isafune. Wobwera kumene amaona nthawi imene anthu amafika ndi imene amachoka, amaona amene amasayinira misonkhano imene sanakhalepo, amaona mmene fayilo ya munthu wosauka imachedwera ndi mmene ya wopereka kangachepe imathamangira, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi amayamba kuganiza kuti ntchito ndi imeneyo. Nkhani ya Cashgate, yakuba ndalama za boma, itaululika mu 2013, ena mwa amene anamangidwa anali antchito a maudindo aang'ono, ndipo ine sindikhulupirira kuti anthu amenewo anatuluka m'sukulu ali ndi luso lobera boma. Ndikuganiza kuti analiphunzira kwa wina, pa desiki yoyandikana ndi yawo. Anthu oona mtima akamakhala chete n'kumati aliyense azidzionera yekha, amasiyira malo anthu a katangale, amene sachita manyazi kuitana mwana watsopano n'kumuonetsa njira.

Apa ndiyenera kunena za atsikana, poti pali chifukwa chomveka chimene makolo ena amachitira mantha akamva kuti bambo wamkulu wadzipereka kuthandiza mwana wawo wamkazi. Nkhani za abwana ndi aphunzitsi amene amasandutsa thandizo kukhala msampha tonse tinazimvapo, ndipo atsikana ambiri amene zinawachitikira sanena chifukwa choopa kutaya malo ophunzirirapo ntchito kapena kulephera mayeso. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana, ndipo limafuna kuti malo antchito akhale ndi ndondomeko zothana ndi khalidweli, koma lamulo silikhalapo pamene mtsikana wauzidwa kuti abwere ku ofesi anthu onse ataweruka. Kuwasiya atsikana opanda phungu chifukwa cha mantha amenewa kungawapweteke kawiri, chifukwa ndiye kuti anyamata okha ndi amene azidzaonetsedwa njira. Chitetezo chili mu dongosolo lomwe lija la kumudzi, kumene phungu amadziwika ndi anthu onse ndipo pali akuluakulu amene angamufunse ngati wapotoza. Phungu ndi mwanayo azikumana masana, pamalo oonekera, sukulu kapena ofesi ikudziwa, ndipo mwanayo azidziwa kumene angakadandaule popanda kutaya malo ake. Amayi amene afika pa maudindo m'mabanki, m'zipatala, m'makhoti ndi m'maunduna ali ndi gawo lalikulu pano, chifukwa pali mafunso, monga a mimba ndi ntchito kapena a bwana wokonda kugwiragwira atsikana, amene mtsikana sangawafunse kwa bambo.

Wina anena kuti zonsezi n'zabwino koma sizibala ntchito, ndipo akunena zoona. Ngati malo amodzi afunsiridwa ndi anthu mazana, kuwaphunzitsa onse kulemba kalata yabwino sikuchulukitsa malowo. Kusowa kwa ntchito kukuchokera ku chuma chimene chikudalirabe fodya, ku kuchepa kwa ndalama zakunja, ku magetsi osadalirika ndi ku kuchepa kwa mafakitale, ndipo zimenezi sizingathe ndi kucheza kwa anthu awiri. Koma pamene malo ndi ochepa m'pamene pafunika kuti mpikisano ukhale wachilungamo, kuti mwana wa ku Nsaru alephere chifukwa wina wamuposadi, osati chifukwa palibe amene anamuuza zoyenera kuchita. Komanso ambiri a ana amenewa sadzalembedwa ntchito ndi munthu aliyense, adzadzilemba okha, ndipo amenewo ndi amene akufunika phungu koposa. Womaliza ku Bunda amene akufuna kuweta nkhuku amadziwa za chitopa kuchokera m'buku, koma akufunika kukhala pansi ndi mlimi amene chinamuphera khola lonse, amene amadziwa mwezi umene mtengo wa chakudya cha nkhuku umakwera ndi wogula amene amatenga mazira pangongole osabweza. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amaika achinyamata patsogolo pa ntchito yopanga chuma, koma mpamba woyamba wa mwana ukatha chifukwa cha cholakwa chimene wamkulu akanachiona m'mphindi zisanu, wachiwiri kawirikawiri supezeka.

Chochititsa chidwi n'chakuti ntchito zina phungu zinamusunga. Pitani m'magalaji a ku Biwi mukaone mnyamata wa sipanala atagona pansi pa galimoto pambali pa makaniko wamkulu, kapena kwa akalipentala a ku Mchesi kumene wophunzira amayamba ndi kupala matabwa asanaloledwe kudula. Dokotala akamaliza maphunziro amagwira kaye ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu m'zipatala monga Kamuzu Central asanapatsidwe chilolezo chonse, ndipo maphunziro a ntchito zamanja amene TEVETA yakhala ikuyang'anira kuyambira mu 1999 amaphatikiza kalasi ndi kukaphunzira pamalo a ntchito. Kumene cholakwa chimaoneka msanga, injini ikakana kulira kapena wodwala akafooka, palibe amene amatsutsa zoti wophunzira afunika womugwira dzanja. Ntchito za m'maofesi zokha ndi zimene tinaganiza kuti digiri yakwanira, chifukwa cholakwa cha wolemba bajeti kapena wokonza ndondomeko chimatenga zaka kuti chioneke, ndipo chikaoneka chimagwera anthu amene sanamuonepo.

Sitikufunika kuyamba ndi bungwe latsopano kapena thandizo lakunja. Boma linayamba mu 2018 ndondomeko yotumiza omaliza maphunziro kukaphunzira ntchito m'maofesi ake, ndipo makampani ndi mabungwe ambiri amalandiranso ophunzira. M'malo ena ana amenewa amaphunziradi, koma m'malo ena amatha miyezi akutumidwa kukagula mayunitsi ndi nkhomaliro ya akuluakulu. Kalata imene imamulandira wophunzira ntchito iyenera kutchula dzina la phungu wake, ndipo chaka chikamatha wamkuluyo azifunsidwa za mwanayo monga mmene amafunsidwira za ntchito zake zina. Mabungwe a akatswiri, monga ICAM ya owerengera ndalama ndi Malawi Law Society ya maloya, ali kale ndi mayina a mamembala awo, ndipo angathe kupempha aliyense kuti atenge wophunzira mmodzi. Mayunivesite nawo ali ndi anthu zikwizikwi amene anadutsamo, ambiri a iwo ali mu Lilongwe mommuno. Ndipo kukumanako kuziyamba mwana ali m'chaka chachiwiri kapena chachitatu, pamene akadali ndi mpata wosankha maphunziro ndi mutu wa kafukufuku, poyamba ndi amene kwawo kulibe wina amene anafikapo ku yunivesite.

Ndikudziwa zimene zimatigwira ife akuluakulu. Ena timati nthawi palibe, ngakhale ola limodzi pamwezi silingagwetse ofesi. Ena, ndipo izi sitizinena poyera, timaopa kuti mwana wa digiri ziwiri tikamuonetsa zonse adzatilanda mpando, n'chifukwa chake timabisa nzeru ngati mankhwala a pamtundu. Mantha amenewa ndimawamvetsa pa nthawi ino imene ntchito zikutha, koma amene wabisa nzeru adzapuma pantchito ndithu, ndipo ofesi adzaisiya m'manja mwa munthu amene sanamuphunzitse. Achinyamata nawo ali ndi mbali yawo. Safunsa anadya phula, ndipo wofuna phungu azibwera ndi funso lenileni, azisunga nthawi, ndipo azibwerera kudzanena zimene zinachitika atayesa malangizowo, ngakhale zitakanika. Komabe sindiika mtolo waukulu pa iwo, chifukwa ndife tomwe tinawalera kuti mwana sayamba kulankhula pamaso pa akuluakulu. Mwana amene anaphunzitsidwa kugwada popereka madzi sangagogode yekha pa chitseko cha dayirekitala n'kunena kuti, "Bwana, mundiphunzitse." Woyamba kulankhula ayenera kukhala wamkulu.

Ku Area 18, ku Area 25 ndi ku Area 47 kuli aphunzitsi, mainjiniya, anamwino ndi akauntanti amene anapuma pantchito ali ndi mphamvu zawo, ndipo nzeru za zaka makumi atatu zangokhala nawo pakhonde. Mipingo ndi mizikiti imawadziwa anthu amenewa, imawadziwanso ana amene akusaka ntchito, chifukwa onse amapemphera pamodzi. Mipingo yambiri ili kale ndi alangizi a anamwali ndi a mabanja, choncho kuwonjezerapo alangizi a ntchito si chinthu chachilendo.

Mwezi wathawu, ntchito ina imene tinalengeza itapeza mwini wake, ndinaimbira foni mnyamata mmodzi mwa amene makalata awo sanadutse, wochokera cha ku Nathenje. Ndinayamba ndi kumuuza kuti ntchito ndilibe ndipo sindimulonjeza, koma ngati akufuna tingathe kumakumana Loweruka loyamba la mwezi uliwonse kwa chaka chimodzi. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Bambo, ndibweretse chiyani?" Ndinamuuza kuti abweretse kalata ija. Anafika nayo mu envelopu yake ya khaki mphindi khumi nthawi isanakwane, ndipo tinayambira pa tsamba lachitatu.